KODI NG'OMA ILI NDI MLANDU? Za Mlendo ndi Nyimbo za Usiku ku George

Mlimi wa ku Katete akatha kukolola mtedza wake, nauswa, nauthira m'matumba, amakwera basi ya ku Lusaka kusanache. Apitirira Sinda, Petauke ndi Nyimba, natsikira ku mlatho wa Luangwa, nakweranso mapiri a ku Rufunsa, ndipo pofika mumzinda dzuwa lapendeka. Malonda adzachita m'mawa ku msika wa Soweto, koma usiku uwo ayenera kupeza pogona. Ambiri otere amapita kwa abale awo ku George, komboni yaikulu yoyandikana ndi Matero ndi Lilanda. Kumeneko mlendo alandiridwa monga mwa mwambo: ampatsa madzi osamba, amphikira nsima, namuyalira mphasa. Koma nyumbayo ili ya zipinda ziwiri, ana agona mothithikana, ndipo mwini nyumba, amene adzalawirira ku ntchito, agona msanga. Mlendo atsala yekha mumdima, tulo osabwera. Pamenepo kuseri kwa khoma amva gitala alikulira, ng'oma ilikugunda, ndi anthu alikuseka; ndipo mwa nyimbozo ina ili ya chinenero cha kwawo.

Kodi munthu uyu, pokhala Mkhristu, angadzuke ndi kupita kukamvera? Funsoli lafunsidwa kawirikawiri pabwalo la akulu a mpingo, pamene wina wabwera kuchokera ku tauni wopanda ndalama za mbewu zake, kapena ali ndi nthenda imene sanapite nayo. Pali mayankho awiri ofulumira. Ena ati nyimbo zonse za usiku ndi za Satana, ndipo woponda pakhomo pake wachimwa kale. Ena ati nyimbo ndi nyimbo basi, khutu lilibe chivindikiro, ndipo munthu wotopa ndi ulendo ayenera kusangalatsa mtima wake. Mayankho onse awiri ali ndi kachoonadi kake, koma onse awiri agamula mlandu asanauzenge. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlandu uwu uli ndi mboni zambiri, ndipo mfumu yanzeru imamva zonse isanatsegule pakamwa.

MUDZI WOPANDA BWALO

Poyamba kuyenera kudziwika chifukwa chake malo otere alipo. Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'chaka cha 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Omanga mzindawo anauyesera azungu, ndi misewu yotakata ndi minda ya maluwa. Munthu wakuda anayesedwa mlendo wa ntchito, woyenda ndi chitupa, wokhala m'nyumba ya womlemba kufikira ntchito itatha, nabwerera kumudzi. Koma anthu anachuluka kuposa nyumba. Chifukwa chake ambiri anamanga zisakasa ndi nyumba za zidina pa minda ya azungu yozungulira mzinda, ndipo makomboni ena anatenga maina a eni malo kapena a makampani omanga, monga John Laing, John Howard ndi George. Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chinatha mphamvu, ndipo George anakula msanga ndithu. Kwa zaka zingapo boma silinawerenge malo otere ngati mbali ya mzinda, kufikira lamulo la 1974 linatsegula njira yakuti avomerezedwe. Ndipo ndi ngongole ya World Bank, George ndi Chawama analandira misewu ndi mipopi ya madzi.

Anthu amene anamanga George anachokera m'midzi imene gule anali ndi malo ake ndi nthawi yake. Chimtali chinkavinidwa pabwalo mwezi ukuwala, agogo ali khale pambali. Mowa unkafululidwa pa chifukwa: pa dima, pa ukwati, kapena pometa maliro. Womwa ankamwa pamaso pa amalume ake, apongozi ali chapatali, nyakwawa ili pomwepo. Mnyamata akapyola muyeso panali womgwira dzanja ndi kumperekeza kwawo. Kuledzera kunalipo, ndi ndewu zomwe, pakuti mudzi sunakhale Edeni ayi; koma panalibe munthu wolemera chifukwa cha kuledzera kwa mnzake.

M'tauni zinasinthika. Makhonsolo a mizinda anamanga nyumba zazikulu za mowa, naletsa amayi kufulula m'nyumba zawo, kuti malonda onse akhale a khonsolo. Ndipo phindu lake ndilo linkalipirira zosowa zina za m'makomboni. Potero ludzu la munthu wosauka linasanduka msonkho. Amayi anafulula mobisa, pakuti ana awo anafuna kudya, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anthu ananyanyala nyumba za mowa za khonsolo posonyeza kukwiya kwawo ndi ulamuliro wa atsamunda. M'makomboni ngati George munabuka mashabini, ndipo pambuyo pake mabala ndi mathaveni amene alipo kufikira lero. Mutu wa nkhani ndi uwu: anthu anasiya bwalo kumudzi, koma njala ya bwalo anabwera nayo. Wamalonda anaiona njalayo, naimangira bwalo la denga ndi chitseko, naika kauntala pakati pake.

NG'OMA PA MLANDU

Mboni yoyamba ndi ng'oma imene. Kodi ili ndi tchimo mwa iyo yokha? Buku Lopatulika silitero. Pa Genesis 4 Yubala atchulidwa ngati kholo la oimba zeze ndi chitoliro, pamodzi ndi oweta ng'ombe ndi osula zitsulo, ndiko kunena kuti kuimba kuwerengedwa ntchito pakati pa ntchito zinzake. Miriamu anatsogolera akazi ndi malingaka ndi kuvina ana a Israele ataoloka nyanja. Davide anaimba zeze pamaso pa Sauli, ndipo mtima wosautsika wa mfumu unapeza mpumulo. Salmo lotsiriza liitana zoimbira za mitundu yonse kuti zilemekeze Mulungu.

Koma Buku lomwelo lisonyezanso mbali ina. Panali kuimba ndi kuvina pozinga mwana wa ng'ombe wagolide patsinde pa phiri la Sinai. Panali kuvina pa phwando la Herode, ndipo mphotho ya wovinayo inali mutu wa Yohane Mbatizi m'mbale. Mneneri Amosi anadzudzula olemera a m'Samariya amene ankaimba zoimbira ndi kumwa vinyo m'mbale zazikulu, osamva chisoni ndi kuonongeka kwa mtundu wawo. Chingwe chake ndi chimodzi, chala chake ndi chimodzi. Chosiyana ndi mtima wa woimba, ndi ntchito imene nyimboyo itumikira.

Amishoni ambiri oyamba analetsa ng'oma m'kachisi. Mwa zina anaona bwino, pakuti magule ena anali omangika ndi nsembe za mizimu ndi zonyansa za usiku. Mwa zina analakwa, pakuti anayesa kuti chimene sichinachokere kwawo sichingakhale choyera. Si onse anatero. Ku Embangweni, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Donald Fraser wa mishoni ya Livingstonia analimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi a Chitumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo, ndipo Mawelera Tembo anali mmodzi wa opeka odziwika. Mpingo wa Katolika nawo, utatha msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, unatsegula chitseko kuti ng'oma ilire pa Misa. Lero makwaya a ku George aimba ndi gitala ndi kiyibodi zofanana ndi za m'bala ya pafupi. Ngati chikopa cha ng'ombe ndi mtengo wogoba zikanakhala ndi tchimo, tchimolo likanalowa nazo m'kachisi. Chifukwa chake ng'oma ituluka pabwalo yopanda mlandu.

WOLIPIRA WOIMBA NDANI?

Komatu mlandu sunathe, pakuti ng'oma siidziliza yokha, ndipo woiliza sadya mphepo. Mboni yachiwiri ndi mwini bala. Iye saitana oimba chifukwa cha kukonda nyimbo chabe. M'mawa awerenga mabotolo opanda kanthu ndi mapaketi a Chibuku, ndipo akaona kuti oimbawo sanachulukitse malonda sadzawaitananso. Nyimbo ikhala ndi ntchito yakuti munthu alowe, akhalitse, aiwale nthawi, ndipo dzanja libwerere m'thumba kachiwiri ndi kachitatu.

Msodzi amakola nyongolotsi pa mbedza. Nyongolotsiyo si poizoni. Ndi chakudya chenicheni cha nsomba, ndipo nsomba siilakwa poikonda. Koma m'kati muli chitsulo, ndipo ku mapeto kwa chingwe kuli munthu amene zofuna zake sizili zofuna za nsomba. Momwemo nyimbo ya m'bala ingakhale yokoma ndi yoona, mawu ake angakhale a chilangizo, koma yakoledwa pa mbedza. Pozinga malo otere pasonkhana enanso odikira chomwecho: wopisa m'thumba, wojuga, wogulitsa kachasu, ndi mkazi wogulitsa thupi lake, amene kawirikawiri ali wamasiye kapena wothawidwa, womangidwa ndi njala ya ana ake koposa ndi chilakolako. Boma lomwe lavomereza kuti choopsa chilipo. Lamulo liletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mu 2012 boma linaletsa timapaketi ta mowa waukali totchedwa tujilijili, titaononga anyamata ambiri ndi ana a sukulu.

Koma chilungamo chifuna kuti malo onse asaikidwe m'dengu limodzi. Pali phwando la ukwati kumene oimba alipidwa ndi eni ukwati. Pali holo kumene munthu alipira pakhomo kuti amve oimba, nakhala pansi, nabwerera kwawo. Pali chionetsero cha zaulimi ndi malonda cha ku Lusaka chaka ndi chaka, kumene nyimbo zimveka dzuwa likuswa mtengo, ana ali pamodzi ndi makolo awo. Muyeso wosavuta ndi uwu: mwini malo apindula ndi khutu la mlendo, kapena ndi mmero wake? Kumene phindu lichokera ku khutu, mwini malo akondwa mlendo akatuluka ali bwino. Kumene lichokera ku mmero, akondwa mlendo akatuluka ali dzandidzandi.

ZA OIMBA

Mboni yachitatu ndi woimba. Akhristu ambiri amuyesa mtumiki wa mdima, koma mbiri ya Zambia iwachenjeza kuti asafulumire. Mu 1949 kunayamba kugulitsidwa wailesi yaing'ono yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, popeza inaoneka ngati sefuliya, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inafika m'midzi ya Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Pa wailesi imeneyo anthu anamva Alick Nkhata, amene anatola nyimbo za m'midzi, naziimba ndi gitala, nalangiza nazo anthu ongofika m'tauni za misampha yake. Iye anafa mu 1978 pafupi ndi Mkushi, asilikali a Rhodesia ataukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe umene unali pafupi ndi munda wake. Msewu wodutsa ku Kalingalinga utchedwa ndi dzina lake.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti mwa nyimbo 100 zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia momwe. Magulu a anyamata anaphuka ngati bowa: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, mwana wa m'makomboni a Lusaka, amene anaimba m'Chinyanja cha m'tauni za moyo wa anthu wamba. Pambuyo pake inafika nthawi ya kalindula, ya Amayenge ndi P.K. Chishala. Chishala anali wosaona, koma anaona zambiri: anaimba za umphawi wa munthu wa ntchito, naimbanso modzudzula abusa ndi akulu a mpingo a moyo wa paŵiri. Akhristu ena anakwiya naye. Kukanakhala bwino akadayamba adzifunsa ngati wosaonayo ananama. Kumudzi nyimbo ya pamtondo imanena chimene mkazi sangathe kunena pamaso pa mwamuna wake; m'tauni ntchito imeneyo inagwera oimba a m'mabala.

Koma oimbawo analipira mtengo waukulu. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 ndalama zinasowa m'matumba a anthu. M'zaka za nkhondo ya Rhodesia kuyenda usiku kunaletsedwa nthawi zina, ndipo malo oimbiramo anatsekeka. Kenaka inafika Edzi. Kaunda yemwe mu 1987 anaulula poyera kuti mwana wake anafa nayo, ndipo mwa oimba a m'badwo umenewo ochuluka anatha ali anyamata m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Paul Ngozi anafa mu 1989. Mwa oyambitsa WITCH anatsala Emmanuel Jagari Chanda yekha, amene kwa zaka zambiri anasiya kuimba m'mabwalo, nakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja lake. Akale anati ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika. Woimba wa usiku ndiye nyongolotsi ya pa mbedza ija. Ndipo nyongolotsi ndiyo iyamba kulasidwa nsomba isanafike. Chifukwa chake ayenera chifundo cha Akhristu ndi malipiro oyenera, osati mwano.

MUNTHU KUMENE SADZIWIKA

Mboni yachinayi ndi mlendo mwini wake, ndipo apa ndipo pagona mlandu wonse. Mlimi wa ku Katete uja kwawo samwa. Zaka makumi awiri sanaponde pa mowa, ndipo mwina ali wa m'kwaya kapena dikoni. Nanga n'chiyani chimkoka usiku uno? Nyimbo ilipo, inde. Koma pali china chachikulu chimene sanachilawepo: ku George palibe womdziwa. Palibe apongozi, palibe mkulu wa mpingo, palibe mwana wa mlongo wake woti akanene. Kwa usiku umodzi iye ali munthu wopanda dzina ndi wopanda mfunda.

Pamenepa paoneka kusiyana kwa manyazi ndi chikumbumtima. Manyazi ndi mpanda womangidwa ndi maso a anthu ena. Ali abwino, ndipo mudzi wopanda manyazi ndi bwinja. Koma mpanda suyenda ulendo, utsala pamene anauzika. Chikumbumtima ndicho mboni ya m'kati, imene ikwera basi pamodzi ndi mwini wake. Mbuzi imene siidya chimanga chifukwa cha mpanda siinganenedwe mbuzi yofatsa kufikira tsiku limene mpanda wagwa. Momwemonso munthu sangadziwe ngati kudziletsa kwake kunali kuopa Mulungu kapena kuopa anthu, kufikira atafika kumene anthu samdziwa. Tauni siipanga munthu watsopano usiku umodzi; ivundukula amene analipo kale. Yosefe anayesedwa ku Ejipito, m'nyumba ya Potifara, kutali ndi atate wake ndi abale ake, pamene panalibe wina m'nyumbamo. Ndipo chimene anaopa ndicho kuchimwira Mulungu. Danieli anayesedwa pa gome la mfumu ku Babulo. Onse awiri anali alendo.

Palinso za ndalama zimene zili m'thumba mwake. Iye aziyesa zake popeza zili pa thupi lake, koma mtedzawo unapaliridwa ndi mkazi wake, unakumbidwa ndi ana ake, ndipo pa ndalamazo padikira feteleza wa chaka chamawa, yunifolomu ya mwana, ndi malata a denga lodontha. Iye ndi mtumiki wonyamula thukuta la banja lonse. Wotumidwa ndi katundu wa eni sakhala pansi pa bawo panjira.

Nanga ngati iye ali wolimba, nadziwa kuti adzangomwa chakumwa chozizira ndi kumvera nyimbo ziwiri? Mwina n'zoona, ndipo munthu wotere sanachimwe pakumva nyimbo. Koma mtumwi Paulo, polembera Akorinto ndi Aroma za zakudya zimene Akhristu anatsutsana nazo, anaphunzitsa kuti chololedwa sichili chopindulitsa nthawi zonse, ndi kuti wolimba ayenera kuganizira mbale wofooka. Mnyamata wa kumudzi kwawo, amene anabwera kudzafuna ganyu, angamuone dikoni ali m'bala, osadziwa chimene chili m'botolo, nanena mumtima mwake kuti njira yatseguka. Ndiponso Paulo yemweyo anachenjeza wodziyesa woimirira kuti asamale angagwe. Ambiri amene anabwerera kumudzi manja lende analowa ndi mawu akuti nyimbo ziwiri zokha.

Potero chigamulo cha mlendo chili chotere. Kumva nyimbo si tchimo. Koma munthu amene ali yekha, usiku, wosadziwika, wosungulumwa, ali ndi ndalama za banja m'thumba, akalowa m'malo amene phindu lake lichokera ku kuledzera kwake, wadziika yekha m'mayesero amene m'mawa uliwonse apemphera kuti asalowemo. Akafuna nyimbo za m'tauni azifune usana, kapena pa ukwati, kapena pamodzi ndi mwini nyumba wodziwa njira, ndalama atazisiya m'manja okhulupirika.

MLENDO WA CHUMA

Pali mlendo wa mtundu wina. Nyimbo za Zambia za m'ma 1970 zinatulutsidwanso kunja kwa dziko, ndipo zinakondedwa ku Ulaya ndi ku America; mu 2019 kunatuluka filimu ya mbiri ya WITCH, ndipo Jagari Chanda atakalamba anaimbanso m'maiko akutali. Chifukwa chake alendo ena ofika ku Lusaka safuna za m'mahotela zokha. Afuna kuona kumene nyimbozo zinabadwira. Pali ndiponso mwana wa m'dziko momwemo amene analemera, nabwera ndi galimoto Loweruka usiku kudzasangalala ku komboni kumene zinthu zili zotsika mtengo.

Mlendo wotere saopa kutaya ndalama za feteleza, koma ali ndi mlandu wake. Kwa iye George ndi malo a usiku umodzi. Kwa ena ndi kwawo. Khoma la bala ndilo khoma la chipinda chimene mwana wa sukulu alikuyesa kuwerenga, ndi chimene nkhalamba yodwala ilikufuna tulo. Ndalama imene kwa mlendoyo ili yochepa ingagule ulemu wa mtsikana wanjala. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame abwino asiya udzu uli wobiriwira. Mlendo wachilungamo alipira woimba m'dzanja lake mosaumira, sajambula anthu ngati nyama za ku Luangwa, sagula chimene sichiyenera kugulitsidwa, ndipo akumbuka kuti umphawi wa mnzake suli chionetsero.

NGONGOLE YA MPINGO

Mboni yotsiriza siinayembekeze kuitanidwa, ndiyo mpingo. Mlimi uja pogona pa mphasa sanali ndi ludzu la mowa. Anali ndi ludzu la anthu. Anafuna kumva chinenero chake, kukhala pakati pa nkhope zoseka, ndi kuiwala kuti ali kutali. Ludzu limenelo analiika ndi Mulungu, amene pachiyambi anaona kuti kukhala yekha sikumkomera munthu. Pa ora limenelo bala inali yotsegula, yowala, yokonzeka kumlandira. Kachisi anali wokhoma ndi loko. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, boma linaletsa kuyenda usiku ku Kanyama. Ndipo mu Malichi 2020, chifukwa cha matenda a Covid-19, mabala ndi malo ovinira anatsekedwa m'dziko lonse. Lamulo linatha kutontholetsa ng'oma kwa kanthawi, ndi oimba anagona ndi njala. Koma palibe lamulo lotha kuchotsa kusungulumwa mumtima mwa munthu. Kutseka chitseko chimodzi popanda kutsegula china ndiko kutseka mtsinje ndi manja.

Mawu a Mulungu aika kuchereza alendo pakati pa ntchito zazikulu. Abrahamu anathamangira alendo atatu pa Mamre, osadziwa kuti ndani. Wolemba kalata ya kwa Ahebri akumbutsa kuti ena analandira angelo mwa njira imeneyo. Ndipo Ambuye Yesu pa Mateyu 25 anadziika yekha m'malo mwa mlendo. Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko la Chikhristu mu 1991, ndipo m'George makachisi ali ochuluka ndithu. Kukanakhala kwabwino ngati mwa iwo mukanapezeka nyumba imene wapaulendo angalowe madzulo, namwa tiyi, naimba ndi anzake, nagona mosaopa. Ndiponso mpingo podzudzula phokoso la bala uyenera kudziyesa wokha. Pakuti zimkuzamawu za mapemphero a usiku wonse zilanda tulo ta mwana yemweyo ndi nkhalamba yomweyo, ndipo dzina la Mulungu silisandutsa kusaganizira mnansi kukhala chilungamo.

Mipingo ya kumudzi nayo ili ndi gawo lake. Makolo a chikhulupiriro anali ndi mwambo wabwino wakuti Mkhristu wopita ku migodi kapena ku tauni anyamule kalata ya mpingo wake, kuti kumene afika akalandiridwe ngati mbale. Mwambowu usazilale, ndipo lero telefoni ya m'manja yaupeputsa. Wopita ku Lusaka, ngakhale kwa masiku atatu okha, apatsidwe dzina la mkulu wa mpingo wa kumene akagona, ndipo mkuluyo auzidwe. Ogulitsa mbewu ayende awiri awiri. Munthu wodziwa kuti wina alikumdikira pa dzina lake salinso wopanda dzina. Ndipo wobwerako atagwa, bwalo la akulu lisangomuika pa chilango; lidzifunse lokha kuti ndani anamperekeza, ndani anamlandira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

KUMENE NYIMBO IMVEKA

Pa Luka 15 pali fanizo la mwana amene anatenga chuma chake napita ku dziko lakutali, nachimwaza ndi makhalidwe oipa. Wowerenga mosamala adzaona chinthu chodabwitsa. Pofotokoza za dziko lakutalilo Ambuye satchula nyimbo ngakhale imodzi. Atchula njala, nkhumba ndi makoko. Kuimba ndi kuvina kutchulidwa kamodzi kokha m'fanizo lonse, ndipo kumveka m'nyumba ya atate, mwana wotayika atabwera. Amene anaima pabwalo nakana kulowa, atakwiya ndi phokoso la gule, ndiye mwana wamkulu amene sanachoke pakhomo.

M'menemo muli chenjezo la mbali zonse ziwiri. Wapaulendo akumbuke kuti nyimbo imene imkoka kuseri kwa khoma ili chithunzithunzi cha chinthu chimene ali nacho kale kwawo, ndipo asagulitse chenicheni kuti agule chithunzi chake. Wotsala kumudzi akumbuke kuti Mulungu sadana ndi ng'oma, ndi kuti nyumba ya Atate yopanda chimwemwe idzapirikitsira ana ake ku nyumba zina. Mlimi wa ku Katete uja akagulitsa mtedza wake, nakwera basi ya kum'mawa, naolokanso Luangwa, natsika pa siteji ya kwawo ndalama zili zamphumphu m'thumba, ana adzamthamangira, mkazi wake adzalandira katundu, ndipo madzulo ake banja lonse lidzaimba pakhonde lisanagone.